Osamalira Mabenchi a ku Khalapansi

M'ufumu wa Zalembedwa, m'masiku a Mfumu Chidindo Yachitatu, chinthu sichinkakhala chinthu mpaka chitalembedwa papepala. Mvula ikagwa koma mlembi n'kuiwala kuilemba, chaka chimenecho chinkatchedwa cha chilala, ngakhale anthu akuwoloka mitsinje madzi ali m'khosi. Anthu a m'dzikomo anazolowera, ndipo sankadandaula kwenikweni, poti dandaulo nalonso linali ndi fomu yake.

Ku msika wa Tsitsaniko, kuseri kwa ogulitsa makala, kunali shedi ya a Yotamu Kalinde, okhoma zidebe. Anali bambo wa imvi za apo ndi apo, wosalankhulalankhula, wa manja olimba moti akakupatsa moni umayamba wawerenga zala zako. Ankakhoma ndowa, mbaula ndi zitini zothirira kudimba, ndipo chidebe chawo sichinkadontha. Chimene sankatha ndi kulemba.

Zimenezi sizinawasowetse tulo mpaka pamene Feliya anapeza banja. Feliya anali mwana wa mlongo wawo amene anamwalira kalekale, ndipo a Yotamu anamulera kuyambira ali ndi zaka zinayi. Ankhoswe a kuchikazi analidi iwowo, panalibenso wina. A kuchimuna anali a Chipofya, amene anapuma ntchito ya ukalaliki kukhoti, munthu woyenda ndi mapeni atatu pathumba la malaya ngakhale popita kudimba. Tsiku la chinkhoswe a Chipofya anasayina pepala ndi dzina la mchira wautali wokhotakhota. Kenako anakankhira a Yotamu kabokosi ka inki, mokoma mtima ndithu, n'kunena kuti, "Dindani apa, achimwene. Chala chilichonse chimene chili pafupi."

Feliya anayang'ana pansi. A Yotamu anadinda. Sabata yotsatira anakalembetsa sukulu ya kwacha.

Sukuluyo inkakumana pa pulayimale ya Khalapansi, masana ana akaweruka, katatu pa sabata. Ophunzira analipo khumi ndi asanu ndi anayi, ambiri anali a mumsika momwemo. Ankawaphunzitsa anali Mayi Nasibeko, mayi wamfupi wa mawu ngati belu, amene masana ankaphunzitsa akuluakulu atatopa kale ndi ana a sitandade thu. Ankakumana m'chipinda chokhacho chimene chinali ndi mabenchi. Mabenchiwo anagulidwira ana, koma m'mawa chipindacho chinkakhala chokhoma kuti ana angawaononge. Ana ankaphunzira atakhala pansi m'zipinda zina.

A Yotamu anali ndi chifukwa chothamangira. M'ufumumo munthu sankaloledwa kusayina m'kaundula wa maukwati popanda satifiketi yotsimikiza kuti amatha kusayina, ndipo satifiketiyo inkaperekedwa kwa amene wafika m'kalasi masiku makumi anayi. Ukwati unali mu Ogasiti. Pofika mu Epulo anali atadziwa a, e, i, o, u, komanso ma, me, mi ndi ta, te, ti. Ankatha kulemba "otamu" bwinobwino. Chilembo choyamba cha dzina lawo buku linachiika kumapeto kwenikweni, ngati kuti amene analemba bukulo anali nawo chifukwa.

Nthawi imeneyi n'kuti kulikulu la ufumu, ku Bweraninso, kutavuta. Akuluakulu a maphunziro a m'chigawo cha Tadyakale anatenga ndalama za m'thumba la sukulu n'kugula mbuzi khumi ndi ziwiri, papepala n'kulemba kuti ndi zipangizo zophunzitsira akuluakulu kuwonkhetsa ndi kuchotsera. Oyendera sukulu atafika anapeza kuti phunziro la kuchotsera linayenda bwino kwambiri, poti zinangotsala zingwe. Mfumu inakwiya. Ena amati inakwiyira ndalamazo, ena amati inakwiya chifukwa sanaiitane. Bwalo la nduna linakhala masiku asanu ndi anayi, ndipo a Chilolezo, Nduna Yoona za Zololedwa ndi Zosaloledwa, anatulukamo ndi Lamulo Nambala 44.

Wolengeza anafika nalo pa Tsitsaniko tsiku la msika, atakwera pamwamba pa ngolo, chimkuzamawu kukamwa.

"Tamverani inu nonse! Kuyambira lero, thumba la sukulu za m'chigawo lizilipira zokhazo zimene zikulowa m'mutu mwa wophunzira wamkulu mwachindunji. Choko n'chololedwa. Bolodi ndi yosaloledwa, pakuti inagulidwira ana. Mabenchi ndi osaloledwa, pakuti wamkulu mmodzi amalemera ngati ana atatu. Chitseko chisatsegulidwire akuluakulu, chifukwa mahinjesi ali ndi malire. Mphunzitsi azilipidwa pa nthawi imene akulankhula. Akakhala chete kudikira yankho, nthawi imeneyo ndi yake!"



"Ndiye chokocho tizichita kutafuna?" anafunsa Abiti Sumani, wogulitsa mandazi amene ankakhala benchi limodzi ndi a Yotamu. "Poti ndi njira yokhayo yoti chilowere m'mutu."

"Ine andiyese kaye pasikelo," anatero wogulitsa makala wina, wowonda ngati bango. "Sindingapitirire ana awiri ndi theka."

Anthu anaseka, nabwerera ku malonda awo. A Yotamu sanaseke. Ankawerenga masiku m'mutu, ndipo anapeza kuti afika m'kalasi masiku makumi awiri ndi asanu ndi limodzi.

Lachiwiri lake ophunzira anapeza a Sikweya, woyang'anira sukulu za m'chigawo, ataima pakhomo la chipinda chija ndi loko watsopano m'manja. Sanali munthu woipa. Anali munthu wamantha chabe, wotsala zaka ziwiri kuti apume ntchito, ndipo thukuta linali kamukamu.

"Pepani makolo anga," anatero. "Kuphunzira sindikukuletsani. Phunzirani ndithu. Koma musakhudze kanthu."

Mayi Nasibeko anatsogolera anthu awo patsinde pa mtengo wa mango pakati pa bwalo. Asanakhazikike n'komwe, a Sikweya anabwera akutsegula masamba a lamulo.

"Aphunzitsi, mtengowu ndi wa sukulu."

"Mtengowo sitikuukhudza, bwana. Tangokhala pamthunzi."

A Sikweya ananyowetsa chala, nasanthula masamba onse mpaka kumapeto. "Mthunzi sanautchule."

"Ndiye kuti ndi wololedwa."

"Ayi, mayi. Ndime yomaliza ikuti chimene sichinatchulidwe chidikire."

"Mpaka liti?"

"Zimenezonso sanatchule."

"Tiyeni tiime padzuwa," anatero Abiti Sumani, akukutumula chitenje. "Kapena nalonso linagulidwira ana?"

A Yotamu ndi amene anati sukulu isamukire ku shedi kwawo. Anawongola lata lakale ndi nyundo, nalipaka penti yakuda, n'kulikhomerera pamtengo. Ophunzira ankakhala pa ndowa zovundikira. Phokoso la msika linkasokoneza, ogula ankabwera pakati pa phunziro, koma zinthu zinayenda kuposa kale. Ngakhale ogulitsa makala amene poyamba ankachita manyazi anayamba kusuzumira. Mayi Nasibeko anadumpha masamba a buku n'kuwaonetsa a Yotamu chilembo chawo chija. Chinali chooneka ngati phanda la mtengo basi.

"N'chimenechi?" anadabwa a Yotamu. "Miyezi yonseyi ndakhala ndikudikira phanda?"

Tsiku lomwelo analemba dzina lawo lonse ndi msomali pansi pa chidebe chatsopano, naliyang'ana nthawi yaitali, ndipo chidebecho anakana kugulitsa.

Chisangalalo sichinakhalitse. Mu Juni a Sikweya anafika pa shedipo atakwera njinga, nkhope yogwa. Anati ndime yachisanu ndi chimodzi ikunena kuti maphunziro a sukulu amawerengedwa akachitikira pasukulu. Zonse zimene Mayi Nasibeko analankhula mumsika, lamulo linkaziona ngati macheza, ndipo macheza salipidwa. Masiku a ophunzira anali akadali makumi awiri ndi asanu ndi limodzi omwe aja.

"Ndiye mukuti pasukulu sitingakhale, koma kwina sikuwerengedwa?" anafunsa a Yotamu.

"Mwalimvetsa bwino lamuloli kuposa ine, bambo."

"Koma kulemba ndikutha. Ndikulembereni?"

"Musandionetse, chonde," anatero a Sikweya, akutembenuza nkhope. "Ndikaona ndiyenera kulemba lipoti."

Madzulo ake Feliya anawapeza atangokhala pakhonde, tiyi atazizira m'kapu.

"Malume, musadzivutitse. Mudzangodinda basi. Ine ndimakudziwani ndinu ndani."

"Iwe umandidziwa, mwanawe. Koma bukulo lidzakhalapo ine kulibe. Ana ako adzatsegula, adzapeza kuchimuna kuli dzina, kwa amayi awo kuli kadontho."

Feliya anangotenga kapu ija kukatenthetsanso tiyi.

Patatha sabata, a Sikweya anatumiza uthenga woti a Yotamu abwere kusukulu ndi zida zawo. Inali nthawi yoyendera katundu, ndipo chitseko cha chipinda cha mabenchi chinakana kutseguka. Mahinjesi anali atagwira dzimbiri. A Yotamu anathira mafuta, nagogoda pang'ono, chitseko n'kulira ngati mbuzi, n'kutseguka. M'katimo munkanunkha chinyontho. A Sikweya anati apumeko pa benchi lakutsogolo, koma atangokhala, benchilo linangoti phwa! iwo n'kupezeka pansi miyendo m'mwamba. Chiswe chinali chitadya miyendo yonse m'kati, n'kusiya khungu lokha.

A Yotamu anawadzutsa, nawasasa fumbi.

"Kodi bwana, ine pano mwandiitana bwanji, poti akuluakulu saloledwa kukhudza chitseko?"

"Kukonza ndi nkhani ina," anatero a Sikweya, akusisita msana. "Ili pa ndime yachisanu ndi chinayi. Onani apa."

Mosaganiza anawapatsa pepalalo. A Yotamu analigwira patali ndi maso, naika chala pansi pa mawu, n'kuyamba kutchula pang'onopang'ono. "Ku... sa... ma... li... ra... ka... tu... ndu... wa... su... ku... lu... n'ko... lo... le... dwa." Anawerenganso kachiwiri. Kenako anawerama, natola mwendo umodzi wa benchi, n'kuukulunga m'thumba la zida.

Lolemba loyamba la mwezi uliwonse Mfumu Chidindo inkamva madandaulo a anthu wamba. A Yotamu ndi Mayi Nasibeko anakwera lole ya makala m'mamawa, nafika ku Bweraninso ali bii, n'kukasamba kumaso pa mpope wa pachipata. Anadikira mpaka dzuwa litapendeka, kumbuyo kwa munthu amene ankadandaula kuti kaundula akuti anamwalira chaka chatha.

Mfumu inali itakhala pa mpando waukulu wa zikopa, ikuwodzera pang'ono. Dandaulo lawo litatchulidwa, a Chilolezo anaimirira kuti afotokoze kaye ubwino wa Lamulo Nambala 44. Analankhula pafupifupi ola lathunthu. Anati chiyambire lamuloli palibe mbuzi ngakhale imodzi imene yaphunzitsa munthu masamu. Anati mahinjesi a ufumu tsopano akupuma. Anati mayiko oyandikana nawo akuchita nsanje. Nduna zinzawo zinaombera m'manja, makamaka pamene anakhala pansi.

A Yotamu anagwada, naomba m'manja katatu, n'kuika mwendo wa benchi uja patsogolo pa mfumu. Anaufinya ndi zala ziwiri, ndipo unangoti fwa, fumbi lokhalokha.

"Wachita zimenezi ndani?" inafunsa mfumu, tulo titabalalika.

"Chiswe, Mfumu."

Mfumu inacheukira nduna yake. "Chiswechi chili ndi chilolezo?"

"Ayi, Mfumu. Chikudya mosaloledwa."

"Ndiye chimangidwe."

"Zikomo, Mfumu," anatero a Yotamu. "Ine ndine wokhoma zidebe chabe, za malamulo sindidziwa. Koma chidebe chimene chimatunga madzi tsiku ndi tsiku chimakhalitsa, chongoikidwa pakona n'chimene chimabooka. Benchi n'chimodzimodzi. Chiswe chimadana ndi kugwedezeka. Pamene ife tinkakhalapo, sichinkayandikira. Ndiye ife sitikupempha sukulu ayi. Tikupempha kuti mutilole tizikasamalira mabenchi anu, monga ikunenera ndime yachisanu ndi chinayi."

"Muzikawasamalira bwanji?"

"Pokhalapo, Mfumu. Maola awiri, katatu pa sabata."

Mfumu inakanda chibwano. "Zikumveka. Mungokhala basi?"

"Vuto lili pamenepo, Mfumu. Munthu wamkulu akangokhala masana, amagona, ndipo wogona sagwedeza benchi. Pamafunika chinthu chomusowetsa mtendere. Ine ndaona zambiri pa moyo wanga, koma palibe chimene chimatekesa munthu wamkulu pampando ngati kumuuza kuti awerenge zimene zili pa bolodi anzake akumva."

Wina kumbuyo anaseka, n'kusandutsa kusekako chifuwa. Mfumu inayang'ana a Yotamu nthawi yaitali, ndipo mapewa ake anayamba kugwedezeka ndi kuseka.

"Ndiye pafunika bolodi," inatero.

"Ndi munthu wofunsa mafunso, Mfumu. Ndi awa ndabwera nawowa. Akafunsa amayamba akhala chete kudikira yankho, ndipo nthawi imeneyo ndi imene mabenchi amagwedezeka kwambiri."

A Chilolezo anaona kumene mphepo ikulowera. Anaimirira msangamsanga n'kunena kuti zimenezi n'zimene bwalo la nduna linkatanthauza kwenikweni polemba ndime yachisanu ndi chinayi, kungoti anthu a m'zigawo sawerenga mozama. Anawonjezera kuti popeza iyi ndi ntchito ya boma, osamalira mabenchi onse azisayina m'buku pofika.

Apa Mayi Nasibeko anakweza dzanja ngati mwana wa m'kalasi mwawo. "Pepani, a Nduna. Asayina bwanji alibe satifiketi?"

A Chilolezo anafunsa kuti ophunzirawo atsala ndi masiku angati. Atauzidwa kuti khumi ndi anayi, analamula kuti masiku amenewo awerengedwe ngati ozolowera ntchito, ndipo akatha, satifiketi ziperekedwe msanga kuti ntchito ya boma isaime.

"Chinanso, Mfumu," anatero Mayi Nasibeko. "M'mawa mabenchiwa amakhala okha, chiswe n'kumachita zofuna zake. Pasukulupo pali ana ambiri amene sakhazikika ngakhale pang'ono. Sangathandizeko?"

Mfumu inavomera, n'kudinda. Kuyambira mwezi umenewo ana a ku Khalapansi anayamba kuphunzira atakhala pa mabenchi, atatuatatu, monga mwa kulemera kwawo. Dzina la sukulu silinasinthe, poti fomu yosinthira mayina inali itatha.

Gulu la Osamalira Mabenchi linagwira ntchito yake mokhulupirika. Linakula mpaka anthu makumi atatu, ndipo Abiti Sumani anasankhidwa kukhala wapampando, udindo umene anati ndi woyamba m'ufumumo kugwirizana ndi dzina lake, poti ntchito yake inalidi kukhala pampando. A Sikweya ankabwera Lachinayi lililonse kudzagwedeza miyendo ya mabenchi n'kulemba kuti zonse zili bwino. Masiku khumi ndi anayi anakwana kutatsala sabata imodzi kuti ukwati uchitike.

Tsiku la ukwati tchalitchi chinadzaza. Itafika nthawi ya kaundula, a Chipofya anasankha peni yapakati pa mapeni atatu aja, nasayina ndi mchira wawo uja. Kenako anayang'ana uku ndi uku kufuna kabokosi ka inki.

"Musavutike, achimwene," anatero a Yotamu.

Anatulutsa satifiketi m'thumba la jekete, naipereka kwa mlembi wa maukwati. Anatulutsanso bolopeni yawoyawo. Anaigwira ngati mmene amagwirira chitsulo chobowolera lata, nawerama, lilime lili panja pang'ono. Anayamba ndi phanda lija. Kwaya inamaliza nyimbo, n'kuyamba ina, iwo akadali pa "ta". Thukuta linatsikira m'kolala. Atamaliza "Kalinde" anaweramuka, ndipo Feliya anali akupukuta misozi ndi nsonga ya velo, osasamala za ufa wa kumaso. Amayi a mumsika analuluta mpaka abusa anakweza dzanja. A Chipofya anayang'ana dzinalo, zilembo zikuluzikulu zoima ngati mizati, nagwira a Yotamu dzanja, ndipo pambuyo pake anaoneka akuwongola zala.

Mlembi atatembenuza tsamba kuti apukute inki, anaima. Anatembenuza lina, kenako linanso. Dzanja limene linazolowera malata silinadziwe kuti pepala ndi lofewa. Dzina la Yotamu Kalinde linali litadindika bwinobwino pa masamba atatu otsatira, pa mzere wa ankhoswe a kuchikazi.

"Bambo," ananong'ona mlembiyo, "izi sizifufutika. Maukwati atatu akubwerawa, ankhoswe ndinu."

"Koma anthuwo sindikuwadziwa."

"Ngakhale ine sindikuwadziwa. Ena mwina sanafunsirane n'komwe. Koma mwasayina."

A Yotamu anaganiza kuti ndi nthabwala za pa ukwati, mpaka tsiku lina mu Novembala, akukhoma mbaula, pamene pa shedi panafika mnyamata ndi mtsikana amene sanawaonepo chibadwire. Mtsikanayo anali atanyamula kachikwama ka zovala, maso ali psuu. Mnyamatayo ankayenda kumbuyo, akuyang'ana zala za kumapazi.

"Ndinu a Kalinde?" anafunsa mtsikanayo. "Akuti ndinu ankhoswe anga. Ine ndatopa naye uyu. Ndikupita kwathu."

A Yotamu anawayang'ana onse awiri. Anaika nyundo pansi, napukuta manja pa ovolosi, n'kuvundikira ndowa ziwiri moyandikana.

"Khalani apa, ana anga," anatero. "Abiti Sumani, tapatseniko mandazi anayi. Tsono iwe mnyamata ukhale chete kaye. Ayambe ndi mwana wangayu. Dzina lako ndani, mayi?"